Kampira Kofiira ka Mkazi Wanga

Munthu akalowa koyamba mu ofesi ya parokiya yathu, amayang'ana pa tebulo kenako n'kufunsa kuti rato ali kuti. Rato ndi kachipangizo kaja kamene amakankha pa tebulo kuti kamuvi kayende pa galasi la kompyuta. Kuno ku Chifunde dzina lake ndi la Chipwitikizi lomwelo, ndipo akuluakulu amangomasulira okha kuti mbewa. Rato alipo, koma ali m'dirowa, chingwe chake chokulungidwa. Pa tebulo pali china: kabokosi kotuwa, kakakulu ngati kamba wamng'ono, ndipo pamsana pake pali kampira kofiira kofanana ndi ndimu. Kabokosiko sikayenda. Umangosanjika dzanja pamwamba n'kumagubuduza kampirako ndi zala, kamuvi n'kumatsatira.

Chipangizochi chinali cha mkazi wanga. Iye atamwalira, m'kati mwa kabokosiko munatsala litsiro la dzanja lake, ndipo ine ndinayesa kulisunga. Ndi zokhazo zimene ndikulemba pano.

Tinadziwana ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia, tonse tili ana asukulu. Mtendere utabwera anatikweza malole, tinadutsa pa malire a Cassacatiza, ndipo aliyense anatsikira pamene ankakumbukira kuti panali kwawo. Ine ndinalibe potsikira penipeni. Mudzi wathu unali utamera thengo, mayi anga tinawaika ku Zambia, ndipo bambo anga mpaka lero sitinamve kumene anathera. Abambo mfumu a pa misiyoni ananditumiza ku Tete kukaphunzira uphunzitsi. Nditamaliza ndinabwerera kudzaphunzitsa pa sukulu ya pa misiyoni pomwepo, ndinamukwatira, n'kumanga kanyumba pamudzi wa kwawo monga mkamwini aliyense. Kuchoka pamudzipo kufika pa misiyoni unali ulendo wa pa njinga, iye atakhala kumbuyo.

Mkono wake wamanja sunkawongoka. Pothawa nkhondo, ali kamtsikana, anagwa pa thanthwe atanyamula mtolo n'kuthyoka pa chigongono. M'thengomo munalibe woti alumikize, ndiye fupa linangogwirana lokha mopotoka. Ankalima ndi khasu la mpini waufupi, madzi ankatunga, ndipo kutayipa anaphunzirira ku msasa pa makina akale aja olira ngati matalala pa malata. Bungwe lina limene linkathandiza obwerera litatseka ntchito zake, linasiyira parokiya kompyuta imodzi ndi mapanelo a dzuwa pa denga. Asisitere amene ankayang'anira ofesi anamuitana iye, chifukwa panalibe wina wodziwa pamene zilembo zimakhala. Ankalemba nyimbo za Lamulungu, mayeso a ana asukulu, ndi makalata a anthu ofunafuna abale awo amene sanabwerere.

Kutayipa sikunkamuvuta. Chinkamuvuta ndi rato. Kuti kamuvi kachoke ku ngodya ina kufika ku inzake, rato amafuna kuti mkono wonse uyende, ndipo wake sunkalola. Ankayendetsa ndi phewa, thupi lonse likupendekeka. Dzuwa likafika paliwombo phewalo linkakhala ngati lapsa. Anayesa lamanzere, koma kamuvi kankangothawira kumene sanakatume. Sankadandaula mu ofesi. Ndinkadziwira pa njinga pobwerera, chifukwa ankandigwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo ataliika pa ntchafu ngati katundu wa munthu wina.

Asisitere aja anaona. Atapita kwawo kutchuthi anabwerako ndi kabokosi aka m'sutikesi. Tsiku limene anakamasula ine ndinalipo, komanso akatekisi athu, bambo achikulire amene sankatha kuona chinthu chatsopano osachinenera kanthu. Anachitembenuza uku ndi uku. Iwo ankadziwa kuti rato ali ndi kampira kunsi kwa mimba, ndiye ataona kampira kali pamwamba anapukusa mutu.

"Asisitere, akuberani," anatero. "Mbewa iyi ndi yakufa. Mbewa ikagona chagada chonchi, kwatsala n'kuiwamba basi."

"Ndiye mawa mubwere ndi mchere, abambo," anayankha mkazi wanga, "koma mchira mundisiyire, ndi umene umalowa ku kompyuta."

Asisitere anaseka, kenako anagwira dzanja lake n'kuliika pa kampirako. "Ichi si cha parokiya," anatero. "Ndi chanu. Tsiku limene mudzachoke pano mudzapite nacho."

Chigongono chake chinakhazikika pa tebulo osasunthanso. Zala zitatu zinkagubuduza kampira, chala chachikulu chinkadina batani. Pasanathe sabata kamuvi kanali kakumumvera ngati kamwana kake. Pa njinga anayambanso kundigwira ndi manja onse.

Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukamudikira mu ofesimo. Nthawi zina ankandipatsa mpando kuti ndiyese. Ndikangogwira, kamuvi kankauluka n'kukabisala ku ngodya.

"A pulofesolo, apa simukupalasa njinga," ankatero, poti kuno mphunzitsi aliyense ndi pulofesolo. "Zala zokha. Gwirani ngati mukusankha nyemba m'lichero."

"Chinthu chanuchi chimandida."

"Sichikudani. Chikudabwa kuti munthu anapita mpaka ku Tete kukaphunzira, koma dzanja analisiya kumudzi."

"Ine ndinaphunzira kugwira choko."

"Ndiye n'chifukwa chake mukuchikanda ngati bolodi. Tachokani, mundiwonongera kamba wanga."

Ankachitcha choncho, kamba wake.

M'mawa uliwonse asanakwere njinga ankadzola mafuta a nsatsi kuyambira pa chigongono mpaka ku zala. Mafutawo ankayenga ndi mayi ake, apongozi anga: ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kumayengula zoyandama pamwamba kuthira m'kabotolo. Ndi mafuta olemera, omata, a fungo ngati la mtedza wopserera pang'ono. Mkono wake unkafewa nawo, makamaka m'miyezi yozizira. Koma mafuta otere akakumana ndi fumbi la kuno amapanga phala. Kampira kankatola phalalo ku zala zake n'kukalisiya m'kati, pa timawilo ting'onoting'ono timene kamakhalapo. Likachuluka, kamuvi kankayamba kudumpha. Choncho Loweruka lililonse ankatembenuza kabokosiko, kampira n'kugwera m'dzanja lake, ndipo ankapala timawiloto ndi kamtengo ka machesi. Kampira ankakapukuta ndi nsonga ya chitenje. Zopalidwazo ankandionetsa pa chala.

"Taonani zimene kamba wanga wadya sabata ino."

Atakhala woyembekezera, m'masabata omaliza, analeka kupala. Ankangofika kulemba zofunika n'kupempha kuti tizipita. Nditamukumbutsa Loweruka lina anati, "Asadandaule kambayo, ndidzamusambitsa ndikachira."

Anamwalira nthawi ya mvula, pa msewu wopita ku Tete, mwana asanabadwe. Ndinali naye m'galimoto imene inkamuthamangitsira kuchipatala. Za tsiku limenelo sindilemba zambiri.

Patapita masabata angapo maliro atatha, abambo mfumu anandiitana. Asisitere aja anali atasamutsidwa kale kupita kwina, mayeso a ana anali pafupi, ndipo pa misiyoni yonse munthu amene anaonererako kompyutayo ikugwira ntchito ndinali ine. Anandifunsa mwaulemu, akuyang'ana pansi, ngati ndingathe. Ndinavomera. Kunyumba kunalibe chondithamangitsira.

Ndinalowa mu ofesi masana, nditaweruka. Zonse zinali mmene anazisiyira, kansalu koluka kali pamwamba pa kabokosi. Nditachotsa kansaluko n'kuikapo dzanja, ndinamva fungo la nsatsi. Kunyumba fungolo linali litatha kale. Zovala zake azimayi anazichapa pa maliro n'kuzimanga m'mitolo, mphasa anaiyanika, kabotolo ka mafuta apongozi anakatenga. Koma muno munalibe amene anaganizako. Ndinakhala pa mpando wake, dzanja lili pomwepo, kompyuta osaiyatsa, mpaka belu la kutchalitchi linalira.

Mawa lake ndinayamba ntchito. Kamuvi kankayenda bwino kupita kumanja ndi kutsika, koma ukafuna kukakweza chakumanzere, kampira kankakakamira pang'ono, kenako n'kudumpha. Ndinadziwa chifukwa chake. Ndinatembenuza kabokosi monga iye ankachitira, kampira kanagwera m'dzanja langa, ndipo ndinayang'ana m'kati. Pa timawilo panali phala lakuda lija, louma m'mbali, lofewa pakati. Pa kawilo kamodzi panakulungika kaulusi kabuluu ka chitenje chimene ankakonda kuvala masiku omalizawo. Machesi anali m'dirowa, pamene iye ankawasunga. Ndinabwezera kampira m'malo mwake, machesi osawagwira.

Ndinaphunzira sukulu. Ndinkadziwa kuti ndi mafuta ndi fumbi, ndi khungu lakufa la ku zala. Sindinkaganiza kuti mzimu wake uli m'menemo. Kungoti m'dziko lonse lino panalibenso malo ena pamene thupi lake linasiya kanthu, kupatula kumanda. Ndipo kampirako kakakakamira, dzanja langa linkachita zimene lake linkachita masiku aja: kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukankhanso mofatsa. Ndinaphunzira kugwira monga ankandiuzira, ngati ndikusankha nyemba. Iye sanaone kuti ndinaphunzira.

Chipangizocho ndisanachigwire ndinkasamba m'manja kuti choko chisalowe. Ndikamaliza ndinkavundikira ndi kansalu kuti fungo lisathawe. Ndinkadziwa kuti tsiku lililonse limene ndikugubuduza ndikuchotsako pang'ono, koma kusachigwira konse sindikanatha.

Abambo mfumu anaimirira kumbuyo kwanga tsiku lina, akuonerera kamuvi kakudumpha. "Pulofesolo, chinthucho chatopa," anatero. "Bwanji osatenga rato uja m'dirowamo? Inu mkono wanu uli bwino."

"Ndazolowera ichi, abambo."

"Kapena chikungofuna kutsuka."

"Ndidzatsuka."

Sanabwerezenso.

Anthu atakolola, anabwera alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, kudzandiuza kuti amalume awo aika tsiku la kusudzula. Kwa amene sadziwa mwambowu: mkazi akamwalira, mwamuna amakhalabe pamudzi wa akuchikazi mpaka abale a malemu atamumasula. Tsikulo katundu yense amene malemu ankagwiritsa ntchito amayalidwa pabwalo, amatsukidwa, n'kugawidwa kwa abale ake. Mwamuna amatenga zake zokha n'kubwerera kwawo. Satsala ndi kanthu ka malemu, kuti asamamutsatire kumene akupita ndiponso kuti mkazi amene adzamukwatire asadzapeze za mnzake m'nyumba.

Alamu anali anthu oseka, ndipo chiyambire ukwati wathu sankandisiya osandinyogodola. Ngakhale tsiku limenelo anayesa.

"Mwaonda, alamu. Tikakumasulani chonchi akakufunani ndani? Mukadye kaye."

"Ndikudya."

"Mukudya choko." Kenako anati, "Amalume akuti musaiwale za ku ntchito. Kansalu kake kaja, kapu yake, ndi kamba uja."

Mudzi wonse unkamudziwa kamba. Mkazi wanga ankasimba za iye pa mtondo, ndipo mawu a asisitere akuti ndi chake osati cha parokiya ankawabwereza monyadira. Panalibe choti ndinganene kuti si chake.

"Alamu," ndinatero, "ndili ndi pempho. Zonse atenge. Chimenechi chokha andisiyire."

"Ndikanena," anatero. "Koma mukudziwa amalume."

Tsikulo linafika. Ndinamasula chingwe ku kompyuta m'mawa, ndinakulunga kabokosi m'kansalu kake, n'kukaika m'kati mwa malaya cha pamtima kuti kasagwedezeke pa njinga. Pabwalo anali atayala mphasa. Zitenje zake zinali pamenepo, nsapato za kutchalitchi, mapoto, khasu la mpini waufupi, kolona yake, ndi tizovala ta mwana timene anasoka. Pambali panali beseni lalikulu la madzi, m'mene anaviikamo masamba ndi mizu ya mankhwala. Banja la kwawo ndi la Chikatolika kuyambira kale, choncho amalume anatulutsa kabotolo ka madzi odalitsa n'kuthiramonso.

"Kuti mbali zonse zisadandaule," anatero, anthu n'kuseka pang'ono.

Ine ndinakhala pa kampando kumbali ya amuna. Apongozi anga anakhala pafupi ndi beseni, atandifulatira. Ndi mmene tinkakhalira nthawi zonse. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, sawaitana, sawadzudzula. Tikakumana panjira wina ankapatukira m'tchire, moni n'kumapatsana titanjuta, nkhope zili kumbali. Ngati pali mawu, ankadzera mwa mkazi wanga. Iye atapita, ankadzera mwa alamu. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawalankhulepo mayiwo mawu olunjika, ndipo sizinali za udani. Ankandikonda. Ndiwo zabwino zinkabwera kunyumba kwathu zitavundikiridwa, popanda wonena kumene zachokera.

Zinthu zinkatengedwa chimodzichimodzi, kuviikidwa kapena kuwazidwa madzi, n'kuperekedwa kwa amene amalume atchula. Itafika nthawi ya kabokosi, alamu ananjuta n'kunena pempho langa.

Amalume anakanyamula, anagubuduza kampira ndi chala chawo chokhakhala. "Ndiye kamba wotchuka uja ndi ameneyu? Ine ndimayesa ndi wamkulu." Anayang'ana kwa ine. "Akamwini, mwambo mukuudziwa. Mwamuna satsala ndi cha malemu."

"Ndikuudziwa, amalume."

"Nanga?"

"Ndimagwirira ntchito," ndinatero. Chifukwa chenichenicho sindikanatha kuchinena pa anthu.

"Ku misiyoni kulibe china?"

"Chilipo."

"Ndiye vuto lili pati?"

Bambo wina wa pamudzipo anati, "Mukatipatsa ife tichita nacho chiyani? Tiphikira? Ana angochotsa kampirako n'kukasewerera m'fumbi."

"Ngakhale atasewerera," anatero amalume, "ndi ana a pabanja. Vuto langa ndi munthu uyu. Taonani mmene alili. Akapita nacho, mwana wathu azikamudzutsa, ndiye anthu azidzati tinamumasula pakamwa pokha."

Pamenepo apongozi analankhula, osatembenuka, mawu akulunjika kwa alamu ngakhale tonse tinkamva.

"Uwauze amalume ako kuti amusiyire. Munthuyu alibe mayi, alibe kwawo. Akuchoka pano ndi njinga yokha. Apite nacho. Ndichitsuka ndekha kuti chikhale chopepuka."

Amalume anatambasula manja. "Mwini mwana wanena. Ine ndine yani?"

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaomba m'manja kuthokoza. Ndinkaganiza kuti achiwaza madzi pamwamba ndi tsamba, monga anachitira ndi kolona ndi nsapato.

Alamu anapereka kabokosi kwa mayi awo. Apongozi anakalandira ndi manja awiri, ndipo ndinaona msana wawo ukuuma. Anakayandikiza kumphuno. Mafuta aja anali awo, anayenga okha, sakanalephera kuwazindikira. Kenako anakatembenuza kuti aone kunsi, ndipo kampira kanagwera m'beseni. Anayang'ana m'dzenje mmene kanachokera.

"Iii," anatero chapansipansi. "Litsiro lonseli? Mwana wanga sanali wauve. Anthu asaone izi."

Anavuula kampira, anakapaka sopo. Kenako anathyola kaudzu kouma pa tsindwi la nkhokwe imene anatsamira, anaviika kabokosi konse m'madzi, n'kuyamba kupala timawilo.

Ndinaimirira theka. Pakamwa panga panatseguka, koma mawu oti ndiwaitanire mayiwo ndinalibe. Sindinawaitanepo chibadwire. Kufuula pa bwalo la maliro, kwa apongozi, kuti asiye zimene akuchita, pamaso pa alongo awo, atangondichitira chifundo chimene mwambo sulola: thupi langa linakana. Ndinakodola alamu. Anabwera mokwawa n'kunjuta pafupi nane.

"Auzeni asiye," ndinanong'ona. "Chonde. Asapale."

Alamu anayang'ana kwa mayi awo, n'kuyang'ananso kwa ine. Iwo anaganiza kuti ndikuopa madzi.

"Musade nkhawa, alamu. Dzuwa la kuno limaumitsa chikopa cha ng'ombe, lilephera kamba? Wailesi ya amalume inagwera mu mtsinje, mpaka lero ikulankhula."

"Si zimenezo."

"Nanga n'chiyani?"

Ndikanati chiyani? Kuti litsirolo ndi limene ndimafuna? Kuti mayi amene akuteteza ulemu wa mwana wawo alisiye kuti anthu alione? Ndinayang'ana pansi.

"Palibe," ndinatero.

Apongozi anagwira ntchitoyo mosamala, monga ankachitira chilichonse. Kawilo kalikonse anakapala mpaka kanawala. Kaulusi kabuluu anakakoka ndi zikhadabo n'kukagwedezera m'madzi. Anatsukuluza, anapukuta ndi nsalu yoyera, anabwezera kampira, n'kupatsa alamu kuti andipatse. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinanjuta, nkhope kumbali, n'kuomba m'manja.

"Muwauze amayi kuti ndathokoza kwambiri," ndinatero kwa alamu.

"Umuuze ayende bwino," anayankha apongozi. "Azidya."

Madzi a m'beseni anakawataya kudzala, kuseri kwa nyumba. Ndinaona mtsikana amene anawanyamula akubwerako, beseni lili mbee. Amalume ananena mawu omaliza: kuti ndinasunga bwino mwana wawo, kuti palibe mlandu pakati pathu, kuti ndine womasuka kukwatira kumene ndingafune. Ndinamanga mabuku ndi bulangete pa njinga. Kanyumba kathu kanatsala kwa mwana wa alamu amene ankafuna kukwatiwa chaka chimenecho. Popeza kwathu kunalibe, ndinapita ku kachipinda ka aphunzitsi kuseri kwa sukulu, ndipo ndimakhala momwemo mpaka pano.

Kabokosi ndinakaika pa windo, kampira pambali, kwa masiku angapo. Ndinkayembekezera kuti chipangizocho chafa. Mwina ndinkafuna kuti chife, kuti ndikhale ndi chifukwa chomveka chouza anthu akandifunsa chimene chandivuta. Chitauma ndinapita nacho ku ofesi, ndinalumikiza chingwe, ndinayatsa.

Chinagwira ntchito. Kamuvi kanayenda mbali zonse mosalala, kukwera chakumanzere osakakamira, osadumpha. Dzanja langa linabwerera m'mbuyo lokha pamalo paja pamene linazolowera, koma panalibe chokankha. Ndinanunkhiza. Chinkanunkhira sopo ndi masamba. Patapita masiku ochepa sichinkanunkhanso kanthu.

Abambo mfumu analowa, anaona kamuvi kakuyenda, anasangalala. "Mwaona, pulofesolo? Ndinanena ine. Chimangofuna kutsuka."

"Inde, abambo."

Tsiku lina ku msika wa ku Nsadzo ndinapeza mayi akugulitsa mafuta a nsatsi m'timabotolo. Ndinatsegula kamodzi n'kununkhiza. Linali fungo la mafuta a nsatsi basi, la aliyense. Ndinatseka n'kubweza, mayiwo n'kundifunsa ngati ndi a mkazi wanga kapena a mwana. Ndinati ndimangoona.

Apongozi ndimakumana nawo nthawi zina pa njira ya kutchalitchi. Mwambo unatimasula, koma timapatukabe, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Amafunsa kudzera mwa alamu ngati kamba akuyenda bwino. Ndimayankha kuti akuyenda bwino, ndipo alamu akuti mayiwo amasangalala kumva choncho. Sadzadziwa, ndipo sindikufuna kuti adziwe.

Pa kabokosipo pali pamene chikhatho chake chinkatsamira, pamene pulasitiki inasalala n'kuyamba kuwala. Sopo sanachotse pamenepo. Koma dzanja langa ndi lalikulu, limaphimba malowo n'kupitirira, ndipo kusalalako kukukula motsatira langa. Kale ndinkatha kuloza malire a pake. Tsopano sindikutsimikiza.

Ndinaleka kusamba m'manja ndisanachigwire. Kampira kamayambanso kukakamira pakapita masiku, koma mbali ina. Loweruka ndimatembenuza kabokosi, kampira n'kugwera m'dzanja langa, ndimatenga kamtengo ka machesi m'dirowa n'kupala timawilo. Zimene zimatuluka ndi zotuwa, za choko. Ndimazipukutira ku buluku n'kubwezera kampira.